Nyimbo ya Zala Zitatu

Ndinali kuchapa makatani a pabalaza kuseri kwa nyumba pamene foni inalira. Manja anga anali thovu lokhalokha, choncho ndinaisiya. Inatonthola, kenaka inayambanso, inatonthola, inayambanso. Ndinadziwa kuti ndi mng'ono wanga, pakuti ndi iye yekha amene amaimba foni ngati nyumba ikupsa ngakhale akungofuna kudziwa ngati ndadzuka bwino. Ndinapukuta dzanja limodzi pa diresi n'kuyankha.

Sanandipatse moni. Anati Abambo apereka piyano kusukulu ina ya ana, lole yoitenga ikubwera tsiku lomwelo, ndipo Amayi angokhala kukhitchini.

"Piyano iti?" ndinafunsa, ngati kuti kwathu zinalipo ziwiri.

"Achemwali, ingobwerani. Onyamula afika kale."

Ndinaima pamenepo madzi akusefukira m'beseni n'kumandinyowetsa mapazi, ine osawamva. Piyano ija inalowa m'nyumba ya makolo athu ine ndisanabadwe. Abambo aimbira tchalitchi moyo wawo wonse, ndipo masana ankaphunzitsa ana a anthu pa piyano yomweyo. Ife tinakula tikudziwa kuti pamwamba pake saikapo kapu, saikapo chipewa, ndipo denga likayamba kudontha choyamba kufunditsa ndi iyo, ife pambuyo. Chaka chathachi Abambo anadwala sitiroko. Mulungu anatibwezera munthu wathu: mwendo unalimba, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linabwerera theka. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinkagwira. Ziwiri zomalizira zinapindikira m'kati ngati zafumbata kanthu kamene sizifuna kuonetsa. Ngakhale zinali choncho, sindinaganizepo kuti piyano ingatuluke pakhomo paja Abambo ali moyo.

Amuna anga anali m'kachipinda kawo kogwirira ntchito, mahedifoni ali kumakutu. Ntchito yawo ndi yolemba nyimbo pa kompyuta. Anthu opeka nyimbo amawabweretsera mapepala olembedwa pamanja, ofufutafufuta, ena odontheredwa tiyi, ndipo iwo amalowetsa notsi iliyonse m'pulogalamu yake kuti nyimbo ituluke yoyera ngati ya m'buku. Notsi ndi kadontho kokhala ndi kamchira, ndipo timadonthoto timakhala pa mizere isanu. Nyimbo ya piyano imakhala ndi magulu awiri a mizereyo: la pamwamba ndi la dzanja lamanja, la pansi ndi la lamanzere. Iwo amatha m'mawa wonse akusuntha kadontho kamodzi kuti kasakhudzane ndi kanzake, ndipo tsamba likayera amandiitana kuti ndidzalione, ngakhale akudziwa kuti ine piyano inandikana ndili mwana. N'chifukwa chake mng'ono wanga anawapatsa dzina loti a Madontho, ndipo dzinalo linawakanirira moti ngakhale Amayi nthawi zina limawapulumuka.

Nditawauza, anavula mahedifoni aja pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Anatuluka, anakatseka mpopi umene ndinausiya, anavundikira beseni ndi thabwa kuti masamba asagweremo, n'kubwera ndi nsapato zanga zouma. Anatenganso chikwama cha laputopu, osati poganiza kanthu, koma chifukwa sachisiya. Mng'ono wanga amati tsiku la ukwati wathu anachita kuwalanda pakhomo la tchalitchi.

M'basi ndinayesa kupemphera, koma mawu sankalumikizana. Ndinkangobwereza kuti, Ambuye, Inu mukuwadziwa Abambo kuposa ine. Mayi wina amene anakhala pambali panga anaona kuti diresi langa n'lonyowa kutsogolo, anatseka zenera.

Tinapeza lole itaima kale pageti. Chitseko cha pabalaza anali atachizula n'kuchitsamiritsa pakhoma la kunja, moti nyumba inkaoneka ngati munthu wogululuka dzino la kutsogolo. Piyano anali ataikokera pakati pa chipinda. Pamene inakhala zaka zonsezo penti inali yowala kuposa kwina konse, ndipo pansi panali fumbi, mapensulo angapo, ndi kachipeso kanga kamene kanasowa ndili kusukulu ya pulayimale. Amuna atatu anali kuikulunga ndi mabulangete. Mkulu wawo, bambo wamfupi wa thaulo m'khosi, ankauza anzake kuti agwire bwino ngati akunyamula apongozi awo odwala.

Abambo anakhala pampando wawo atavala jekete ndi tayi, ngati ndi Lamulungu. Dzanja lamanja anali atalifunditsa ndi lamanzere pamiyendo. Anatilonjera bwinobwino, anafunsa za ulendo, anafunsa ngati kwathu mvula yagwa. Ine ndinagwada pafupi n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Anayankha akuyang'ana pakhoma paja.

"Chinthu choimba chisamakhale m'nyumba ya munthu wosaimba. Chimaonongeka. Kusukuluko kuli ana a zala khumi."

Ndinati mwina adikire kaye, dzanja likhoza kusintha, adokotala anatero. Ndinati zidzukulu zidzaifuna. Anandimvetsera mwaulemu monga amamverera mlendo, kenaka anauza mmodzi wa onyamula kuti asamale ndi ngodya ya tebulo. Abambo akatseka nkhani sipakhala pogwira.

Ndinapita kukhitchini. Amayi anali ataika ketulo pa sitovu koma osayatsa. Mng'ono wanga anaima pazenera atapinda manja. Kumeneko ndi kumene ndinamva zimene anatibisira nthawi yonseyi.

Abambo ali ndi mnzawo wa kuubwana, wopeka nyimbo, amene ife timawatcha Ankolo a Magalasi chifukwa cha magalasi awo ochindikala ngati pansi pa botolo. Awiriwo amatchulana achimwene, ndipo akakhala pamodzi amatha kukangana tsiku lonse za notsi imodzi n'kusiyana akuseka. Masiku ano ng'ala yawagwira Ankolo maso onse awiri, moti amalemba nkhope ili pafupi ndi pepala ngati akulinunkhiza. Amayi anati Abambo atangotuluka m'chipatala, Ankolo ankabwera pafupipafupi. Ankakhala nawo pa piyano, n'kutenga dzanja lodwalalo, kulitambasula pa makiyi mofatsa, kuyeza kuti zala zitatuzo zikufika pati. Sananene chimene ankachita. Patapita nthawi anabwera ndi nyimbo yosindikizidwa bwino n'kunena kuti, iyi ndakusokerani pa msinkhu wanu ngati telala, mulibe malo ofuna chala chimene mulibe.

Amayi anati tsiku limenelo Abambo anadya bwino koyamba chidwalireni. M'mawa uliwonse iwo akapita kumsika, Abambo ankatsegula piyano. Sankafuna kuti wina amve mpaka ataidziwa. Amayi anazindikira msanga, choncho pobwerera ankaima kunja kwa geti ndi dengu lawo, kudikira, kenaka n'kugwedeza getiyo mwaphokoso kuti Abambo apeze mpata wotseka chivundikiro n'kutenga nyuzipepala. Tsamba loyamba linkayenda. Lachiwiri likangoyamba, nyimbo inkapunthwa malo amodzimodzi. Ankabwerera, inkapunthwanso. Masiku ena dzuwa linkawaotcha Amayi pageti paja, Abambo akulimbana ndi malo omwewo, mpaka pankamveka phokoso la chikhatho chikumenya makiyi ambiri pamodzi.

Ndiye Ankolo anabwera kudzafunsa kuti nyimbo ikuyenda bwanji. Apa Amayi anatsitsa mawu. Anati Abambo sanawalole n'kukhala pansi komwe. Anawaimira pakhomo n'kuwauza kuti, wakhungu angamuyeze bwanji wopuwala. Ngati munafuna kundiseka mukanangoseka, osavutika n'kulemba nyimbo.

Ndinagwira tebulo. Abambo athu, amene sanatchulepo ngakhale galu dzina loipa. Amayi anati Ankolo anatembenuka, anafufuza geti ndi dzanja, ndipo Amayi anawaperekeza kukakwera basi atawagwira chigongono. Kuchokera tsiku limenelo Ankolo sanapondenso pakhomo, ndipo piyano sinatsegulidwenso.

Nditabwerera pabalaza, piyano inali itatuluka kale pakhonde, yomangidwa zingwe, itakhala pa kathabwa ka matayala. Amuna anga, posafuna kungoima manja lende pamaso pa apongozi awo, anali kuthandiza kulongedza mabuku a nyimbo m'katoni, pakuti Abambo anati nawonso apite. Ndinawaona atatola mapepala ena n'kuima nawo. Inali ntchito yawo. Munthu amadziwa ana ake. Ankolo a Magalasi amawabweretsera nyimbo zambiri, za kwaya ndi za piyano, ndipo iyi inabwera pakati pa zinzake, osanena kuti akulembera ndani.

Pa tsamba lachiwiri panali manambala a pensulo a Abambo, osonyeza chala choti chigwire notsi iliyonse. Analemba, anafufuta, analembanso, mpaka pepala linabooka.

Abambo anawaona akuyang'anitsitsa. "Ntchito yanu ndi yaukhondo, mkamwini," anatero. "Musaidandaule. Chimene chaperewera ndi dzanja." Kenaka anafotokoza mwachidule, ngati akunena za munthu wina, kuti nyimboyo inalembedwera zala zitatu, ndipo ngakhale imeneyo yawakanika.

"Zala zitatu?" anatero amuna anga. "Nyimboyi ndi yanu, Bambo?"

Sindinawaonepo nkhope ili choncho. Milomo inayera. Anafuna pokhala, sanapapeze, anangokhala pansi pa simenti, mapepala ali m'manja. Ndinaganiza kuti nawonso adwala, ndinathamangira kukawagwira, koma anapukusa mutu. Anakoka chikwama, anatulutsa laputopu n'kuiyatsa.

Iwo amajambula pepala lililonse la pamanja asanayambe kuligwirira ntchito. Anatsegula chithunzi cha tsamba lachiwiri monga Ankolo analilembera, pambali pake anaika tsamba lawo loyera, n'kutembenuzira laputopu kwa Abambo. Anafotokoza ndi mawu otsika.

Pa tsamba limenelo nyimbo ili ndi mawu atatu oyendera pamodzi, ngati anthu atatu akuimba: lina pamwamba, lina pansi, lina pakati. Liwu lapakatilo Ankolo analilemba pa mizere ya pansi, ya dzanja lamanzere, ngakhale manotsi ake anali okwera kwambiri. Kuti afikeko anachita kujambula timizere towonjezera tambirimbiri pamwamba pa mizere isanu ija, tosanjikizana ngati makwerero. Kwa munthu wa ntchito ya amuna anga zimenezo n'zonyansa m'maso. Anaphunzitsidwa kuti manotsi akakwera choncho umawasamutsira pa mizere ya pamwamba, n'kutembenuza timichira tawo kuti tiloze pansi, kuti woimba aone kuti ndi liwu lachiwiri la dzanja lamanja. Iwo anaganiza kuti ndi maso a Ankolo amene anasokoneza mizere, ndipo anaona ngati akumuthandiza munthu wamkulu mosamuchititsa manyazi. Anasankha liwu lonselo, anadina batani, linakwera. Tsamba linayera.

Potero liwu limene Ankolo anapatsa chala chachikulu cha kumanzere linagwera dzanja lodwala, limene linali kale ndi katundu wake. Kuti munthu aimbe mawu awiriwo ndi dzanja limodzi pamafunika zala zonse zisanu.

Mng'ono wanga, amene anali atabwera kudzaima pakhomo ndi Amayi, anafunsa ngati Ankolo sanabwere kudzaona ntchitoyo isanasindikizidwe. Amuna anga anati anabwera. Popeza saona bwino, anawaimbitsira nyimboyo pa sipika, monga amachitira nthawi zonse. Ankolo anamvetsera atatsinzina, anagwedeza mutu, anati ndi yomweyo, palibe notsi yolakwika. Ndipo zoonadi panalibe.

"Kompyuta ilibe manja, Bambo," anatero amuna anga. "Kaya notsi ili pamwamba kaya pansi, imalira chimodzimodzi."

Ine ndinasowa poika maso. Uyu bambo wondibala, uyu mwamuna wanga, ndipo chimene chinazula chitseko cha kwathu chinachokera m'kachipinda kamene ndimasesa tsiku lililonse. Mwina tsamba limenelo anandiitana kuti ndidzalione, ine n'kuyamikira. Kunja woyendetsa lole analiza hutala. Abambo anavala magalasi awo, anaweramira pa chithunzi cha pamanja chija, n'kuyamba kuyendetsa chala chachikulu cha kumanzere pa bondo lawo. Kukwera, kutsika, kukwera.

Mng'ono wanga, misozi ili m'maso koma pakamwa posatopa, anati, "Nanga Abambo, inu odziwa piyano chonchi, osangotenga manotsiwo ndi lamanzere bwanji?"

Yankho lake tonse tinkalidziwa. Ana onse amene anaphunzira pa piyano ija amakumbukira pensulo ya Abambo ikuwagogoda pamkono, iwo akuti wakuba uyo, dzanja limodzi likathandiza linzake mobisa. Kwa iwo cholembedwa pamwamba n'cha lamanja, basi. Wopeka nyimbo ali ndi chifukwa chake ngakhale iwe usachione.

"Anandiyeza dzanja," Abambo anatero. "Ndinali pomwepo akundiyeza. Poyamba ndinati dzanja labwerera m'mbuyo. Kenaka ndinati munthuyu wandinyoza."

Amuna anga anagwada bwino n'kuyamba kuti, "Bambo, ine..." koma Abambo anakweza dzanja.

"Konzani kaye."

Amuna anga anaika laputopu pa katoni ya mabuku. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. M'pulogalamuyo liwu lililonse limaoneka ndi mtundu wake ukalisankha. Lapakatilo linaoneka lobiriwira. Analisankha kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi, n'kulitsitsira kwawo. Nthawi yomweyo tsamba linasokonekera. Timichira tinatembenuka n'kubayana ndi ta liwu lapansi, makwerero aja anabwerera, mizere yokhota yolumikiza manotsi inapiringizana ngati zingwe za nsapato, ndipo pamene liwulo linachoka panatsala zizindikiro zopumira zopanda ntchito. Anazichotsa chimodzichimodzi. Timichira ta liwu lapakati anatilozetsa m'mwamba, ta lapansi pansi, kuti dzanja lamanzere lione kuti lanyamula anthu awiri. Notsi iliyonse ankaifanizira ndi chithunzi cha Ankolo, akuiloza ndi chala pagalasi. Thukuta linkadontha pachibwano. Atafika pamene makwerero anatalika kwambiri ndinaona chala chawo chikuima m'mwamba, chikufuna kukonza mwa chizolowezi.

"Asiyeni anyanse choncho, alamu," anatero mng'ono wanga. Anawasiya.

Mkulu wa onyamula uja anasuzumira pakhomo lopanda chitsekolo. Anati iwo anyamulapo mafiriji, makabati, ngakhale bedi la munthu amene anakana kudzukapo, koma katundu womudikira kuti aimbe kaye sanamuonepo. Ndipo kusukulu akudikira. Asanamalize, Amayi anatulukira ndi thireyi ya tiyi ndi buledi wopaka majarini. Sindikudziwa kuti sitovu anaiyatsa nthawi yanji. Bamboyo anayang'ana thireyi, anayang'ana Abambo, anauza anzake kuti akhale pansi, n'kupita kukauza woyendetsa lole kuti hutala si wailesi.

Atamaliza kumwa, iye yemweyo anamasula zingwe n'kupinda bulangete la kutsogolo. Anapukuta manja pa thaulo asanakhudze chivundikiro, ndipo anachitsegula ndi manja awiri. Khonde la kwathu n'lotsetsereka pang'ono, choncho anaponda tayala la kathabwa kaja ndi nsapato yake kuti piyano isayende, ndipo anaima choncho mpaka mapeto.

Choikapo mapepala anali atachimasula kale n'kuchilongedza, ndipo pulinta yosindikizira inatsala kunyumba kwanga. Amuna anga anaima pambali pa piyano atanyamula laputopu m'manja awiri, pa msinkhu wa maso a Abambo. Dzuwa linkanyezimira pagalasi, ndiye mng'ono wanga anatambasula bulangete kumbuyo kuti pakhale mthunzi. Ine ndinabweretsa mpando. Abambo anavula jekete, anandipatsa, anakhala.

Tsamba loyamba ankalidziwa pamtima. Linayamba pang'onopang'ono, ndi liwu limodzi la kumanja loyenda ngati munthu amene wangodzuka kumene pa matenda, lamanzere likulitsatira chapansipansi. Aneba ena anaima pampanda. Ine ndinafumbata jekete lija pachifuwa n'kumapemphera chamumtima, osapempha zambiri, tsamba limodzi lokha.

Atafika pa lachiwiri anapunthwa pomwe paja. Manja anali ataphunzira njira yolakwika, ndipo lamanja linathamangira katundu amene sanalinso wake. Amayi anatseka maso. Abambo anachotsa manja, anaweramira pagalasi, anayambanso. Anapunthwanso, koma patsogolo pang'ono. Ulendo wotsatira chala chachikulu cha kumanzere chinakwera makwerero aja, chinafika pansi penipeni pa zala ziwiri zopindika zija, pafupifupi kuzikhudza, n'kuimba pamenepo zimene izo zikanaimba. Zala zitatu za kumanja zinangoyenda ndi liwu lazo, momasuka, osatambasuka kupyola pamene zimafika. Malo amene Amayi ankawamva akugwa m'mawa uliwonse ali pageti anadutsa ngati palibe kanthu. Nyimbo inapitirira, ndipo tonse tinamva koyamba chimene chinali kutsogolo kwa malowo.

Sanaimalize. Pakati pa tsamba lotsatira Abambo anaima, manja ali pa makiyi. Sanalire. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene manja awiriwo anayandikana, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wangouzidwa kumene uthenga wa maliro.

"Anayeza bwino," anatero. "Palibe ngakhale notsi imodzi yopyola."

Mikono ya amuna anga inali itatopa ndi kulemera kwa laputopu, koma sanaitsitse mpaka ine nditawalandira. Mkulu wa onyamula, phazi likadali pa tayala, anatsokomola.

"Madala, ikukwera kapena ikulowa?"

"Ikulowa," anatero Abambo. Anati kusukuluko apita okha kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, chifukwa amene analonjeza ndi iwo, ndipo manyazi ake sangatumire mwana. Bamboyo anati palibe vuto, kungoti msana wake susiyanitsa kulowa ndi kutuluka. Anaseka ndi anzake okha, nawonso mwachidule.

Amuna anga anayesanso kuyankhula. Anati akanafunsa, funso limodzi lokha likanakwana, koma anaona makwerero aja n'kuganiza kuti akudziwa kuposa mwini nyimbo. Abambo anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anawagwira paphewa ndi dzanja lodwala lija, limene chidwalireni ankalibisa munthu aliyense akalowa. Anati zamveka, ndipo abwere ndi masamba osindikizidwa mwatsopano, makwerero ali momwemo.

Kenaka anafunsa foni. Amayi anali ataigwira kale m'manja, nambala ataipeza. Abambo anaimirira n'kukonza tayi, ngati kuti munthu wa mbali inayo awaona. Foni inaitana nthawi yaitali, moti ndinayamba kuopa kuti sayankha, kapena kuti pali china chimene sitinamve. Onyamula aja anasiya zingwe pansi n'kusunthira chakugeti. Ifenso tinafuna kulowa m'nyumba kuti tiwasiye okha, koma Abambo anatikodola kuti tikhale. Anati zoipazo ananena pali munthu womva, choncho izinso zimveke.

Mawu a Ankolo anamveka ang'onoang'ono, otopa. Anafunsa kuti ndani, pakuti dzina la pagalasi la foni saliona.

Ndinaona zala zitatu zija zikugwira m'mphepete mwa piyano.

"Ndine, achimwene," anatero Abambo. "Nyimbo ija ndaiimba lero. Munandiyeza bwino. Ine ndinakunyozani pakhomo panga, mkazi wanga akumva, inu musanalakwe kanthu. Ndikhululukireni, achimwene. Chonde, ndikhululukireni."